Foni Yotsekeredwa m'Sutikesi

A Dunstan Namakhwa ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi doko la Kachulu. Akazi awo anamwalira kalekale, ndipo pakhomo ankakhala ndi achemwali awo aakulu, a Dorothy. Pa tchuthi cha mu Epulo, mwana wa a Dunstan, Tamara, yemwe ndi namwino ku Blantyre, anatumiza ana ake awiri kuti adzaone kumudzi. Prince anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, Rhoda zisanu ndi zinayi. Mayi awo anawapatsa foni imodzi yoti azilankhulirana.

Masiku atatu oyamba anawo sanachoke pakhonde. Ankagundanitsa mitu pa foniyo kuyambira m'mawa, n'kumaseka zinthu zimene wina aliyense sankaziona. Nyanja inali itadzaza chaka chimenecho, madzi akunyezimira kuseri kwa minda ya mpunga, koma iwo sanafunse n'komwe kuti phiri lili pakati pa madzilo ndi la chiyani.

Zimenezi zinawapweteka a Dunstan. Ankati akabwera kudzadya masana, amayamba kufotokoza za ubwana wawo: mmene ankapangira magalimoto a mawaya, kuumba ng'ombe zadongo, kutchera mbalame ndi ulimbo, kumenya mpira wansanza mpaka zala kusupuka, ndi kusambira tsiku lonse popanda wowafunsa kumene ali. Ankamaliza ndi mawu akuti ana a masiku ano adzakula opanda chipsera ngakhale chimodzi choti adzaonetse ana awo.

A Dorothy ankangomvetsera akupeta mpunga. Tsiku lina anawakumbutsa kuti kusambira kumeneko n'kumene kunkachititsa anyamata onse a m'mudzimo kukodza magazi, iwo n'kumanyada kuti akula, pamene anali matenda a likodzo. A Dunstan anati zimenezo ndi zina. Madzulo ake analanda foni ija, n'kuitsekera m'sutikesi ya malemu akazi awo, kiyi n'kuika m'thumba. Rhoda analira. Prince anati akanena kwa amayi ake, koma analibe choimbira.

Loweruka a Dunstan anawatenga anawo kupita kudambo kumene iwo ankasewera ali mwana. Anapeza dambo lonselo lili mpunga, ndipo mwini munda, mayi Hawa, anawakalipira kuti achoke pamzere asanagumule madzi. Atabwerera kumsewu, a Dunstan anatulutsa legeni imene anaikonza ndi chubu cha njinga. Anaikoka mwamphamvu akuloza mpheta, mphira n'kuduka n'kuwakwapula pachala. Ana awiri amene ankaonerera chapatali anaseka mpaka kukhala pansi. Anali Jamali ndi Shamila, zidzukulu za a Bashiru, msodzi amene anakulira limodzi ndi a Dunstan. Jamali anamanganso legeniyo mosavuta, ndipo pobwerera kunyumba ana anayiwo anali atasiya nkhalambayo kumbuyo.

Kuyambira tsiku limenelo pakhonde panali zii. Prince ndi Rhoda ankangomwa tiyi n'kusowa, kubwera masana ali matope mpaka m'makutu. A Dunstan ankauza aliyense wobwera kudzamatitsa chubu kuti mankhwala a ana a m'tauni awapeza, ndipo aliyense wofuna abwere adzaphunzire.

Lachinayi anawo sanabwere kudzadya. Nthawi itakwana 3 koloko, Tamara anaimba pa kafoni kamabatani ka bambo ake. Anati foni ya ana yakhala yozima masiku asanu, ndipo akufuna kumva mawu awo.

"Akusamba," anatero a Dunstan.

"Onse awiri, ababa?"

"Madzi alipo ambiri kuno. Ndikuimbira akamaliza."

Anatseka bokosi la zipangizo n'kuyamba kufunsa nyumba ndi nyumba. Kubwalo la mpira kunalibe, kusukulu kunalibe. Kudoko, mayi wina amene ankayanika matemba anati waona ana anayi akukankha bwato losiyidwa, n'kulowa nalo m'mabango kulunjika ku Chisi, chilumba cha phiri lili pakati pa madzi lija. Anati zinachitika dzuwa lisanafike pamutu.

Ulendo wa ku Chisi pa bwato lakuba unali nkhani imene a Dunstan anaifotokoza dzana lomwelo, akutsanzira ndi manja mmene ankakankhira bwato ndi nsungwi. Chimene sananene n'choti anapita anyamata asanu n'kubwerako anayi. Mtembo wa Ayuba, mng'ono wake wa Bashiru, unapezeka patatha masiku awiri. Dzina limeneli linali lisanatuluke pakamwa pawo kwa zaka zambiri.

A Bashiru atamva sanafunse zambiri. Anakankhira bwato lawo m'madzi, a Dunstan n'kukhala kutsogolo akuitana mayina a ana mpaka mawu kusasa. Kangapo konse dzanja lawo linapita m'thumba kufuna kuimbira Prince, n'kumakhudza kiyi wa sutikesi.

Anawapeza pasanathe ola, osati kutali n'komwe. Bwato lawo linali litatitimira m'matope pakati pa mabango, ndipo iwo anali atakhala momwemo akuimba nyimbo ya kusukulu ya Shamila. Anali atagwira milamba iwiri. Rhoda anali atataya nsapato imodzi, nkhope ili zotupatupa ndi udzudzu.

"Anganga, tinatsala pang'ono kufika ngati inu," anatero Prince. "Mawa tiyambirira."

A Bashiru anayang'ana mnzawoyo nthawi yaitali, kenako n'kuuza anawo kuti asamukire m'bwato lalikulu mmodzimmodzi.

Atangofika kunyumba, a Dunstan anatsegula sutikesi. Anapita okha kukatchajitsa foniyo kwa ometa tsitsi, anagulanso bandulo ya intaneti, chinthu chimene anali asanagulepo chibadwire. Anayala mphasa pakhonde, n'kuipereka foniyo kwa Prince ndi manja awiri ngati akupereka kwa mlendo wolemekezeka. Anawauza kuti ayambe aimbira amayi awo, anene kuti anali kusamba, kenako aonere chilichonse chimene akufuna, nthawi iliyonse imene akufuna, bola akhale pamene iwo angathe kuwaona.

M'mawa mwake anawo anaonera foniyo kwa mphindi zochepa. Kenako Jamali anaimba mluzu kumsewu, ndipo foni inatsala yokha pamphasa ikuyankhula Chingerezi.

Masabata awiri otsalawo njinga za ku Kachulu zinakonzedwa ndi anthu ena. A Dunstan ankanyamula kampando n'kumatsatira anawo kulikonse, kubwalo, kumitengo ya magwafa, kudzenje kumene ankakumba dongo. Anawo akayandikira madzi, iwo ankatulutsa foni ija m'thumba n'kuwakopa kuti abwere aone kanema wa mphaka wovala chipewa. Anawo ankayankha mwaulemu kuti aonera madzulo. A Dorothy ankafunsa tsiku lililonse ngati mankhwala a ana a m'tauni akugwirabe ntchito, ndipo mchimwene wawoyo ankangonyamula kampando kake n'kutuluka.

Tsiku loti mawa lake anawo anyamuka, a Dunstan anawatengera kuchipatala chaching'ono kuti akalandire mapiritsi a likodzo, kuopa mwina. Ku minibasi Rhoda analira kuposa tsiku limene foni inalandidwa, atakumbatira ng'ombe yadongo yothyoka nyanga imodzi.

Patapita sabata Tamara anaimba. Anathokoza kwambiri, nati sakudziwa chimene bambo ake anawachita anawo, chifukwa tsopano sakhala m'nyumba, ndipo Prince waswa kale zenera la aneba ndi legeni. Anati akufuna kuwatumizanso mu Ogasiti, tchuthi chonse chachitali, pamodzi ndi ana atatu a mnzake wa kuntchito amene foni zawasokoneza mitu.

A Dunstan anati denga la nyumba likufunika kukonza, ndipo sakudziwa ngati lidzakhale litatha pofika Ogasiti.