Tinsomba ta M'buku la Ama Falesi

Pampu ya pachitsime cha eni nyumba khumi ndi awiri a pa Kande itathyoka mu 1978, Ama Falesi Longwe, msungichuma wa bungwe lawo, anatsegula chitini cha ndalama n'kugwira pakamwa. Buku linkati muli K36. M'chitinimo munali K21 yokha, pomwe mmisiri ankafuna K30.

Komatu mayiwa sanabepo ngakhale singano. Chinawapweteka ndi mtima wabwino. Nyumba iliyonse inkasonkha matambala makumi awiri pamwezi, koma wina akafika ndi mbale ya usipa n'kuti, "Ama, ndalama yavuta," iwo ankalandira n'kulemba 20t m'buku, poganiza kuti akaugulitsa ndalamayo ikwana. Tsoka ilo, usipawo unkabwera nthawi imene wagwa wambiri, pamene mbale kumsika inkagulidwa matambala asanu. Wina unkangoola ndi mvula.

"Buku silinama!" anakalipa Ada Elias Mhone, wapampando wa bungwelo. "Loweruka pamsonkhano ndalama yathu ioneke."

Ama Falesi analira ndi manyazi. Anasenza makina awo osokera, amene malemu amuna awo anabwera nawo kuchokera ku Joni, n'kukawasiya kwa wagolosale kuti awagulitse. Pobwerera anakumana ndi a Chrissy Kachingwe, aphunzitsi ochokera ku Dedza, n'kuwafotokozera zonse.

"Mayi, mukagulitsa makinawo anthu adzati mwavomera kuti munaba," anatero aphunzitsiwo. "Tandionetsani bukulo."

Atalitsegula anamwetulira. Paliponse pamene munthu anapereka usipa, Ama Falesi ankajambulapo kansomba pambali pa dzina, kuti asaiwale.

Loweruka, aphunzitsi anaimirira pamsonkhano. "Amayiwa sanabe. Analemba nsomba ngati ndalama. Tiyeni tiwerenge limodzi. Ada Jonas, tinsomba tinayi. Ada Kingsley, tisanu ndi tiwiri. A wapampando..." Anakhosomola pang'ono. "Khumi ndi kamodzi."

Anthu anafa nacho chiseko. Ada Elias anavula chipewa n'kumachiyang'anitsitsa m'kati ngati muli yankho.

"Kuyambira lero," aphunzitsi anapitiriza, "wokhala ndi usipa azikagulitsa yekha, abweretse ndalama. M'buku muzilowa chokhacho chimene chalowa m'chitini. Mwezi uliwonse anthu awiri aziwerenga ndalamazo pamaso pa tonse. Yemwe zamuvuta alembedwe kuti sanapereke, si chamanyazi ayi."

Tsiku lomwelo anthu anasonkha K9 yotsalayo. Kenako Ada Elias anasowa osatsanzika. Posakhalitsa anatulukira pamsewu, thukuta lili kamukamu, makina osokera ali pamutu.

"Ama, pepani," anatero powatula pakhonde. "Ndalama ya pampu ndinadya ndine, koma mlandu wake ndinausenzetsa inu."

"Yewo, Ada," anayankha Ama Falesi akupukuta misozi. "Tavulani malaya ong'ambikawo ndiwasoke. Koma malipiro ake asakhale usipa."

Phunziro: Msungichuma azilemba zimene zilidi m'manja mwake, ndipo eni ndalama aziwerenga naye limodzi. Chifundo chosalembedwa bwino chimasandutsa wokhulupirika kukhala mbava.