Madontho Awiri Namondwe Asanafike

"Tsitsani dishi ya intanetiyo padengapo, amuna inu!" anakuwa a Sairusi, chingwe chili m'manja. Mitengo ya kokonati inali itayamba kale kuwerama, ndipo wailesi inali itanena kuti namondwe afika pachilumbapo dzuwa lisanalowe.

"Amalume, musaigwire kaye!" anayankha Akanisi ali pawindo la holo ya tchalitchi. "Ndikulankhula ndi ku Suva."

Mu kompyuta yake munali nyimbo zonse za gule wa meke za pamudzipo, zimene anajambula yekha akuluakulu akuimba. Ena mwa oimbawo anali atatsikira kale kulichete, kuphatikizapo mayi ake, mlongo wawo wa a Sairusi. Namondwe wapita uja sanasiye denga n'limodzi lomwe, ndiye Akanisi analumbira kuti ulendo uno nyimbozo zikabisala mu seva, kompyuta yaikulu yosungira mafayilo mumzinda wa Suva, kumene msuweni wake Peni, mwana wa a Sairusi, ankagwira ntchito. Koma dishi ikangotsika, intaneti yathera pomwepo.

Ntchitoyo ankaidziwa, tisanamizane, ndipo ankayenda nayo monyada. Pachilumba chonse panalibe wina wodziwa kulemba lamulo la scp, lotumizira mafayilo pa njira yokhoma imene mbava singasuzumiremo. Analemba, n'kudina, kompyuta osadandaula. Koma pafoni Peni ankangoseka.

"Msuweni, kuno kulibe kanthu. Kapena wazikweza bwato?"

"Tsegula maso iwe! Yaqona amene unamwa dzulo uja sanakuchoke m'mutu eti?"

"Ndatsegula onse awiri. Chifayilo chachikulu chonchija chifike ngati kuphethira, ndi intaneti yanu yokwawayo? Yakufunsa mawu achinsinsi?"

Akanisi anayang'ananso kompyuta ija. Inali isanamufunse.

Atayang'anitsitsa, ha! Mu kompyuta yake yomweyo munali mutamera fayilo yatsopano, dzina lake la seva ya ku Suva. Anali ataiwala madontho awiri amene amaikidwa kumapeto kwa dzina la seva. Popanda timadontho timeneto kompyuta imayesa kuti ndi dzina la fayilo chabe, ndiye imangokopera pompo mwakachetechete. Nyimbo zinali zisanatuluke n'komwe pakhomo.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, msuweni," anatero Peni atamva. "Wapachala ndi wamphepo."

"Khala chete, ndikubwera."

A Sairusi analowa, malaya ali nyowenyowe. "Mwana iwe, dishi imeneyi ndi ya mudzi wonse. Ikauluka tidzaitana bwanji thandizo?"

Manyazi anamugwira Akanisi, koma sanabise. Anakhala pansi, pamkeka, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Ndalakwitsa ndine, amalume, ndinathamanga. Ndipatseni kanthawi. Dishi ina idzabwera pa sitima, koma mlongo wanu sadzaimbanso."

Mkuluyo anatembenuka n'kutuluka. Akanisi atasuzumira anaona amalume ake nawonso akwera padenga, msinkhu wonse uja, atakumbatira mtengo wa dishi pamodzi ndi amuna anzawo.

Analembanso lamulo lija, madontho awiri ali pamalo pake. Kompyuta inafunsa mawu achinsinsi. Manambala anayamba kukwera pang'onopang'ono, malata akulira, mvula ikulowa cham'mbali. Pena ankaima, mtima wa Akanisi n'kuima nawo. Atafika kumapeto, Peni sanasekenso.

"Zafika zonse, zamphumphu. Aitane bambo."

A Sairusi anatsika akunjenjemera ndi kuzizira, n'kuika foni kukhutu. Peni anawatsegulira nyimbo imodzi. Kuchokera ku Suva, kutsidya kwa nyanja yolusayo, mlongo wawo anali kutsogolera nyimbo, mawu ake akuthwa ngati kale. Anamvetsera mpaka ndime inatha, misozi ikusakanikirana ndi mvula.

"Mwamuona mwana wa mlongo wanga?" anakuwira amuna a padenga aja, akudziguguda pachifuwa. "Wawolotsa mayi ake nyanja ali pampando! Tsopano tsitsani dishiyo. Mphepo ibwere."