Tinalipira Kale, Nanga Izi Ndi za Chiyani?

Vibeke anali pa makwerero, akuzula misomali pakhomo la makolo ake, pamene foni inalira m'thumba. Nthambi za paini zimene anansi anakongoletsa nazo khomolo zinali zitauma, ndipo masamba ake ankangoyoyokera m'tsitsi mwake.

Masiku angapo m'mbuyomo bambo ake, a Ejner, ndi mayi ake, a Gunhild, anali atakwanitsa zaka makumi asanu ali m'banja. Monga mwa mwambo, anthu a mumsewu wawo anamangirira nthambizo pakhomo mwakachetechete, ndipo mbandakucha anadzaimba nyimbo pansi pa zenera. Mphatso inali imodzi, ya msewu wonse: ulendo wokaothera dzuwa kunyanja ya ku Spain, ndege ndi hotela zolipiriratu. Amene anatolera ndalama nyumba ndi nyumba, n'kugula ulendowo pa intaneti pa mtengo wotsitsidwa, anali mayi Bodil, mayi wamasiye wa m'nyumba yoyang'anizana nawo.

"Bambo, mwafika? Dzuwa lilipo?" anafunsa Vibeke.

"Dzuwa lilipo, mwanawe, koma kiyi wa chipinda palibe," anayankha a Ejner. "Akuti tiyambe talipira."

"Kulipira chiyani? Zonse zinalipiridwa kale!"

"Ndawauza zomwezo. Wolandira alendo akungomwetulira ngati ndikumufotokozera maloto. Akuti pali msonkho wa alendo, pali ndalama ya dziwe losambiramo ndi matawulo, palinso ya okonza m'chipinda. Zonse pamodzi, mu ndalama zakwathu, zikupitirira makrone zikwi ziwiri."

"Dziwe? Inu munayamba liti kusambira m'dziwe?"

"Ine ndi amayi akowa madzi timawadziwira mu ketulo basi."

Chapatali Vibeke anamva mawu a mayi ake: "A Ejner, tasiyani nthabwala, ine miyendo ikundipweteka."

"Muwaonetse pepala lija linali mu kadi ya mphatso," anatero Vibeke.

"Ndawaonetsa. Akuti likungonena dzina la hotela ndi masiku, silikunena zimene zinalipiridwa." Kenako a Ejner anatsitsa mawu. "Ndilipira, mwanawe. Amayi ako sangaime pano mpaka madzulo. Ndi ndalama ija tinasungira chakudya, koma palibe kanthu. Tizidya buledi ndi tchizi, suja tinayambira pomwepo ukwatiwu."

Vibeke anatsika pa makwerero. Bambo ake anamanga nyumba za anthu moyo wawo wonse, osadyapo khobidi la munthu. Mayi ake anali asanakwerepo ndege. Lero nkhalamba ziwirizi zaimitsidwa ndi masutikesi m'dziko la eni ngati anthu ofuna kugona ulere! Mkwiyo unamudzadza, ndipo mkwiyo ukasowa mwini wake umagwera amene ali pafupi. Anawoloka msewu hamala ili m'manja.

Mayi Bodil anali pabwalo lawo, akumwa khofi ndi a Preben, mnansi wa pakona, pamodzi ndi akazi awo.

"Amayi Bodil, ndalama zathu zija munagula nazo chiyani?"

"Iwe Vibeke, tayamba waika hamalayo pansi," anatero a Preben. "Taimba za ukwati posachedwapa, sitikufuna za maliro."

Vibeke sanaseke. Anafotokoza zimene zachitika ku hotela. Kenako anayang'ana mayi Bodil m'maso.

"Munatolera msewu wonse. Ngati munagula ulendo wa theka, theka linalo lili kuti?"

Mayi Bodil anaika kapu pansi. "Ndinalipira zonse, mwananga. Mulungu ndi mboni yanga."

"Pa hotela paja paima bambo anga, osati mboni yanuyo."

Mayi Bodil ananyamula makapu mmodzimmodzi, nalowa m'nyumba, natseka chitseko pang'onopang'ono. Pofika madzulo msewu wonse unali utamva. Ena ankati Vibeke walankhula mopitirira. Ena ankangoti, "Ndani akudziwa?" Ndipo mawu awiri amenewa ndi okwanira kupha dzina la munthu.

M'mawa mwake Vibeke anapita kukadyetsa mphaka wa makolo ake. Anapeza mbale ya mphakayo ili yodzaza kale, maluwa a pazenera atathiriridwa, makalata ataunjikidwa bwinobwino patebulo. Kiyi wina wa nyumbayo ankasunga ndi mayi Bodil. Vibeke anaziona zimenezi, koma anaumitsa mtima.

Tsiku lomwelo anapita ku laibulale ya m'tauni, kumene mlangizi wa bungwe loteteza anthu ogula amakhalako masiku ena. Mlangiziyo anali mayi Solvej, munthu wodekha, wa magalasi olendewera pachifuwa. Anamvetsera nkhani yonse osamudula.

"Ndikufuna aliyense amene wadya ndalama za makolo anga abweze," anamaliza Vibeke.

"Mkwiyo wanuwo ndi womveka, ndipo simuli nokha," anatero mayi Solvej. "Zoterezi ndimakumana nazo kawirikawiri pa maulendo otsika mtengo. Amakuonetsani mtengo wokoma kuti mugule msanga, zina n'kukakudikirirani pa hotela, pamene mwatopa ndipo kubwerera simungathe. Koma ndione kaye umboni wa zimene zinagulidwa."

Vibeke anawaonetsa chithunzi cha pepala lija, chimene bambo ake anatumiza pa foni. Mayi Solvej anavala magalasi, nachikulitsa ndi zala.

"Pepalali si lonse. Taonani m'munsimu, ladulidwa. Gawo lonena mtengo ndi zimene zili mkati mwa mtengowo palibe."

"Ndiye kuti anabisa dala!" anatero Vibeke.

"Musathamange, mayi. Ine sindikudziwa chifukwa chake, inunso simukudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti wogulitsa ayenera kuuza wogula ndalama zonse zimene sangazipewe, asanalipire. Ngati ndalama za dziwe ndi zokonza m'chipinda sizinatchulidwe pogula, tili ndi poyambira. Ngati zinatchulidwa, ngakhale m'timalemba tating'ono, nkhani ivuta. Yankho lili pa gawo lodulidwalo. Komanso wodandaula ayenera kukhala amene anagula. Popanda mnansi wanuyo palibe chimene tingachite."

Vibeke anatuluka, nabwerera kwawo. Msewu umene dzulo anauwoloka ngati mphepo, lero unaoneka wotakata. Anagogoda. Mayi Bodil anatsegula, maso ali ofiira, koma anamulozera mpando ndi kuteleka khofi monga mwa masiku onse.

"Mlangizi wa ku laibulale akuti pepala lija linadulidwa m'munsi," anatero Vibeke, maso ali patebulo.

"Inde, ndinadula ndine, ndi sizasi," anayankha mayi Bodil modabwa. "Kodi mphatso amapereka pamodzi ndi mtengo wake? Nanga ukagulira munthu juzi, suchotsa kapepala ka mtengo? Ukuwadziwa bambo ako. Akanaona ndalamazo akanayenda khomo ndi khomo kubweza."

Anatenga buku la nyimbo za kutchalitchi pa shelefu, natulutsamo kapepala kamene anadula kaja. Vibeke anawerenga. Mtengo wake unali ndalama zonse zimene msewu unasonkha, osatsalako kanthu. Pansi pake panalembedwa kuti ndege, chipinda, chakudya cham'mawa ndi kukonza m'chipinda zalipiridwa. M'timalemba tating'ono munali mzere umodzi wonena kuti msonkho wa alendo udzalipiridwa pa hotela. Za dziwe ndi matawulo panalibe n'komwe.

Vibeke anagwidwa ndi manyazi. Anayamba kufunafuna mawu opepesa. Mayi Bodil sanawadikire. Anali atavala magalasi, chala chili pa kapepalako.

"Kukonza m'chipinda kunalipiridwa kale, ndiye akulipiritsanso? Anthu opanda manyazi! Kulipiritsa a Gunhild matawulo, munthu amene amanyamula thawulo lake ngakhale popita kwa mwana wake! Tenga jekete, tiye kwa mlangizi wakoyo."

Mayi Solvej atawerenga kapepalako anagwedeza mutu. "Tsopano tikuona bwino. Msonkho wa alendo ndi wa boma la mzindawo, ndipo unatchulidwa. Umenewo sungabwezedwe. Ya kukonza m'chipinda alipiritsa kawiri. Ya dziwe sanakuuzeni pogula. Ziwirizi tizimenyera nkhondo."

"Mzere wa msonkhowo sindinauone," anavomera mayi Bodil. "Pa kompyuta pankathwanima mawu akuti zipinda zatsala ziwiri zokha. Ndinachita phuma."

"Amaika dala zimenezo kuti muchite phuma. Tsiku lina mudzawerenge mpaka pansi, mujambule tsamba limene likuonetsa mtengo, ndipo mulembere hotela musananyamuke, kufunsa ngati pali china chokalipira pofika. Yankho lawo mulisunge." Kenako anatembenukira kwa Vibeke. "Bambo anu analipira ndi chiyani?"

"Ndi kadi ya kubanki."

"Anachita bwino, chifukwa kadi imasiya umboni. Aimbireni pompano. Apemphe lisiti losonyeza ndalama iliyonse payokha ndi dzina lake, ndipo alembere hotelayo kuti analipira asakugwirizana nazo. Asakangane ndi wolandira alendo, iyeyo ndi wotumidwa chabe."

A Ejner atamva malangizowo anaseka pa foni. "Lisiti ndikatenga. Koma dziwelo ndalowamo kale m'mawa uno. Ndati poti ndalipira, ndilowemo ndithu. Amayi ako anandigwirira thawulo, akupemphera."

"Kulowamo sikuwapatsa ufulu wobisa mtengo," anatero mayi Solvej, akumwetulira. "Koma auzeni asamire."

Patebulo lomwelo mayi Bodil analembera kampani imene inawagulitsa ulendowo, naikapo pepala lonse, mbali zake ziwiri, ndi lisiti la ku hotela limene a Ejner anatumiza pa foni. Kampaniyo inayankha kuti nkhaniyo ndi ya hotela. Hotela nayo inati ndi ya kampani.

"Akutiponyerana ngati mpira!" anakalipa Vibeke. "Akufuna titope."

"Ndiye musatope," anatero mayi Solvej. "Munagula kwa kampani, ndiye ayankhe ndi a kampani. Alembereninso mwaulemu, muwapatse tsiku lomaliza, ndipo muwauze kuti likadutsa mukatula dandaulo ku bungwe loweruza madandaulo a apaulendo."

Anatero. M'masabata amenewo Vibeke ankawoloka msewu pafupipafupi, ndipo nthawi zonse ankapeza khofi ndi kagawo ka keke. Za tsiku la hamala lija mayi Bodil sanazitchule ngakhale kamodzi, ndipo kusatchulako kunkamupweteka Vibeke kuposa kukalipiridwa. Ankaona kuti kutchalitchi mayi Bodil ayamba kukhala kumbuyo, ndiponso kuti pamene msewu unkasonkherana maluwa a mwana wobadwa kumene, palibe amene anawapempha kuti atolere ndalama.

Patapita masabata angapo a Ejner ndi a Gunhild atabwerako, ndalama za dziwe ndi za kukonza m'chipinda zinabwezedwa ku banki. A Gunhild anaphika makeke naitana msewu wonse. Anthu atakhuta, a Ejner anagogoda kapu ndi supuni, naimirira.

"Anansi anga, dzuwa tinaliona, zikomo. Dziwenso ndinalilawa, ndi lamchere pang'ono pa mtengo wake." Anthu anaseka. "Koma ndaphunzira izi, ndipo ndikufuna aliyense amve. Mawu akuti ‘zolipiriratu’ musawakhulupirire musanawerenge mpaka pansi. Funsani hotela musananyamuke, ndipo akuyankheni polemba. Nyamulani pepala lonse, ngakhale ulendowo ukhale mphatso. Akakulipiritsani zimene sanakuuzeni, tengani lisiti, kadandauleni, ndipo musatope. Ndalama zathu zabwera chifukwa cha amayi Bodil, amene sanataye kapepala kaja ndipo sanataye mtima."

"Chaka chamawa mutenge ine, ndikakunyamulireni thawulo," anatero a Preben.

Anthu akuseka choncho, supuni inagogodanso kapu. Anali Vibeke. Anaimirira, napempha mphamvu chamumtima.

"Bambo aiwala phunziro limodzi, ndipo ndi langa. Ukapsa mtima, yamba wafufuza amene wakulakwira usanaloze chala. Amayi Bodil, ndinakunenani kuti munadya ndalama. Ndinakunenani pabwalo panu, anthu akumva, ndipo m'mawa mwake inu munakadyetsa mphaka wa makolo anga. Simunatenge ngakhale khobidi. Ndinakunyozani pagulu, choncho ndikupepesanso pagulu."

Anazungulira tebulo, nakaima pamaso pa mayi wamasiyeyo, nanena mokweza kuti ndi a kukhitchini omwe amve:

"Ndinakulakwirani, amayi. Chonde, ndikhululukireni."