Mphindi Khumi pa Wodwala Aliyense

"Ukufunanso chiyani m'menemo?" anafunsa achimwene ake ataima pakhomo la chipinda. Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a bambo awo.

Kabwana sanatembenuke. Anali atagwada pa kabati ya bambo ake, atatulutsa kale majekete oyera atatu ndi magalasi othyoka mwendo.

"Makina awo oyezera bipi. Sindikuwaona."

"Ukufuna ukabweze ku kampani? Kapena nawonso uwalembere kalata?"

Mawuwo anamulasa. Dzina loti Kabwana anamupatsa ndi bambo ake ali kamwana, poti ankandandalika zidole pakhonde n'kumazikalipira. Ubwanawo unadzabweradi. Tsopano anali mkulu woona za chisamaliro cha odwala m'bungwe la zipatala makumi awiri ndi zinayi, ndipo kachipatala ka kuseri kwa msika, komwe bambo ake anagwirako ntchito zaka makumi atatu, kanali kamodzi mwa izo.

Lamulo la mphindi khumi pa wodwala aliyense analemba ndi iyeyo. Tisanamizane, silinali loipa: mizere inafupika, ndalama zinapulumuka, anthu ankabwerera kwawo dzuwa lisanapendeke. Koma mdala uja, bambo ake, ha! Wodwala akalowa, ankayamba amukhazika pansi, n'kumufunsa za ana, za ntchito, za bondo lomwe linkavuta chaka chatha. "Munthu wongofika kumene mtima umakhala ukadali pamsewu," ankatero. "Ukamuyeza pompo wayeza msewu, osati munthu." Mwezi ndi mwezi dzina lawo linkakhala kunsonga ya pansi pa tchati cha madokotala osunga nthawi. Kalata yowapumitsa ntchito nthawi isanakwane itafika pa desiki ya Kabwana, anasaina, kuopa kuti anthu angati amakondera magazi ake.

Bambo sanadandaule. Anangoipinda kalatayo n'kumufunsa ngati wadya. Patatha chaka ndi miyezi iwiri anagwa pakhomo la bafa, mbali imodzi itazizira, ndipo sanalankhulenso.

N'chifukwa chake ankafuna makinawo. Amasunga manambala ndi masiku ake. Ankafuna aone ndi maso ake ngati magazi a bambo anayamba kuthamanga sabata imene analandira kalata ija. Funsolo linkamudya ngati chiswe, ndipo tulo analibe.

"Mabwana anzako anabwera ndi nkhata yamaluwa yaikulu ngati tayala la lole," anapitiriza achimwene, omwe anali makaniko ndipo chilichonse ankachiyeza ndi matayala. "Munthu munam'taya ali moyo. Mumati azidzukira chiyani m'mawa?"

"Achimwene, chipatalacho chinasintha. Chaka chino ndiye choyamba m'bungwe lonse pa odwala bipi amene akumwa mankhwala bwino. Mauthenga apafoni amene ndinayambitsa, okumbutsa odwala mankhwala aja..."

"Eya, unalandira satifiketi. Tinaiona. Ukaipachike pamanda."

"Inu ana inu!" anaitana amayi ali pabalaza. "Maliro sanazizire mwayamba kale kulumana? Bwerani, kuli mlendo."

Mlendoyo anali mayi wachikulire, tepi yoyezera zovala ikadali m'khosi, jumbo ili pamiyendo. Anapepesa maliro motsitsa mawu, kenako anatsegula jumboyo.

"Ndine telala wa mumsewu wa kumunsi kwa msika. Ndabweretsa katundu wa adokotala."

Anali makina aja, lamba wake atasuluka ndi mikono ya anthu.

"Anafika bwanji kwa inu?" anafunsa Kabwana.

"Aa, simukudziwa? Chipumireni ntchito, Lachiwiri lililonse ankabwera pashopu panga. Ndinkatulutsa benchi. Ankabwera ogulitsa makala, alonda, amayi a pamsika, onse kudzayezetsa. Mauthenga apafoni aja ambirife sitiwerenga, maso anatha kale. Otikumbutsa mankhwala anali iwowa. Wina bipi ikakwera, ankamuperekeza okha mpaka pageti la chipatala, koma iwo osalowa. Makinawa anandisiyira n'kundiphunzitsa, kuti wobwera masiku ena asabwerere."

Amayi anagwira pakamwa. "Ine amandiuza kuti akukawongola miyendo!"

"Tinkawaseka kuti adokotala, ntchito munapuma, mukuvutikiranji? Iwo amvekere, 'Mwana wanga wa ku likulu ndiye wandituma. Akufuna anthu onse a kuno akhale bwino, ndiye ndim'chititse manyazi?'" Telala anamuyang'ana Kabwana. "Kapena ndinu? Mphumi ndi yomweyo."

Satifiketi ija inali pakhoma la ofesi ya Kabwana, m'felemu yagalasi. Anaimirira pamaso pa madokotala mazana awiri n'kufotokoza mmene mauthenga apafoni anasinthira chipatalacho. Anamuwombera m'manja, iye n'kugwada pang'ono monyadira, osadziwa kuti akukolola m'munda wa munthu amene anam'thamangitsa.

Anatenga makinawo n'kudina batani. Manambala anayamba kutuluka, ambirimbiri, Lachiwiri ndi Lachiwiri, ena okwera, ena otsika.

"Awo ndi ati apa? A bambo?"

"Mulibemo," anatero telala. "Sankadziyeza. Ndikawakakamiza ankati adziyeza mzere ukatha. Nanga mzere unkatha?"

Achimwene anayang'ana pansi, n'kumapukuta manja pa thalauza ngati ali ndi girisi. Kabwana anadinabe batanilo mpaka manambala anabwerera poyambira. Yankho limene ankafuna munalibemo, ndipo anadziwa kuti sadzalipeza kwina kulikonse. Chimene chinam'pweteka koposa n'chakuti Lachiwiri lonselo, makumi asanu ndi kuposa, sanawafunsepo bambo ake kuti tsiku amalithera kuti.

"Iwe, maso ako afiira," anatero amayi. "Chigonereni liti? Tamuyezani ameneyu, mayi, ndisaikenso wina."

Kabwana anapinda dzanja la bulauzi mwachangu, monga ankachitira zonse, n'kutambasula mkono ali chiimire.

"Ayi, osati pompano," anatero telala, akukankhira makinawo pambali. "Khalani kaye pansi."

Achimwene anakoka mpando wa bambo, uja wa pawindo, n'kumuikira mlongo wawo. Telala anasendeza wake pafupi, anapinda manja pamiyendo, osayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Eya," anatero. "Ana ali bwanji kunyumba?"