Liwu la Malemu ndi Mphatso za Alendo

Amuna anga a Gervásio adabwera kuchokera ku wailesi ya m'dera nkhope itagwa, thabwa la mtengo wa mwenje lili m'khwapa, kasemasema ali m'manja. Sadapereke moni. Adangokhala pa chitsa n'kuyang'ana pansi.

"Tsamba la ababa lafa," adatero.

Apongozi anga, mayi Rofina, ankasinja chigwada. Adasiya musi.

"Lafa bwanji? Limadwala?"

"Lada bii, amayi. Ndatsegula, ndangoona mdima ndi timawu tachingerezi. Ndatsekulanso kachiwiri, chimodzimodzi."

"Zakuda ndiye maliro amenewo," adatero apongozi. "Wamwalira ndani kumeneko?"

Ine ndidafuna kuseka, koma nditaona nkhope ya amuna anga, ndidameza phwete. Nkhani idali yaikulu. Apongozi anga aamuna, malemu Titosse Nhamuave, adasema timbila, zoimbira za matabwa zonga mangolongondo (imodzi timati mbila), kuno ku Zavala moyo wawo wonse. Timbila za gulu limodzi la oimba zimayambira pa liwu limodzi lomwe timalitcha hombe. Wosema amayamba wagwirizanitsa thabwa lapakati ndi liwu limenelo, kenako matabwa ena onse amatsatira. Hombe ya mudzi uno si ya mudzi winawo. Ya kwathu idali m'mbila ya malemu, ndipo iwo adaitenga kwa atate awo. Malemu atatisiya, chimphepo chidasasula denga, mvula idanyowetsa mbila ija, chiswe n'kudzamalizitsa.

Liwulo lidatsala pamalo amodzi okha. Malemu ali moyo, mayi wina wophunzira za nyimbo ku Maputo adawajambula akugogoda thabwa lililonse, n'kutitsegulira tsamba pa intaneti. Kuyambira pamenepo a Gervásio akafuna kusema, ankapita ku chipinda cha makompyuta cha ku wailesi. Anthu ena amapita kumeneko kukafunsira ntchito, koma anga ankapita kukagogoda thabwa. Amvetsere, agogode, asemeko pang'ono, amvetserenso, pomaliza asese tizibenthu tawo. Nthawi imeneyo n'kuti akusema timbila zatsopano zoti gulu likaimbe pa chikumbutso cha malemu, ndipo thabwa la hombe lidali lisadathe. Tsambalo likadapita, liwu la banja lathu likadapita nalo.

"Tiyeni kwa mayi Ermelinda," ndidatero. "Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri."

Mayi Ermelinda ndi anansi athu, ndipo ndiwo amayang'anira makompyuta ku wailesi. M'mawa umenewo adali ku chipatala ndi mwana, n'chifukwa chake amuna anga sadawapeze. Tidanyamuka tonse atatu masana kukawapeza ku wailesi. Apongozi adamanga duku lakuda, akuti mwina tikapeza anthu akulira.

Mayi Ermelinda ataona dukulo adaseka mpaka kugwira tebulo.

"Amayi, vulani, palibe wamwalira! Bwerani muone."

Adatsegula tsamba lina lalikulu, lomwe aphunzitsi amafufuzapo zinthu m'Chingerezi. Lakuda. Adatsegula lina. Lakudanso. Lina lidali ndi chibanthu chakuda pamwamba pa dzina lake.

"Lero masamba zikwizikwi adzidetsa okha," adatero. "Akuchenjeza anthu. Kampani yomwe imasunga tsamba lanu yachita nawo. Mawa libwerera."

A Gervásio adapuma ngati munthu amene watula mtolo. Ine ndidadabwa kwambiri. Anthu osadziwana, okhala m'mayiko osiyanasiyana, kugwirizana kuzimitsa nyali tsiku limodzi! Ife kuno kungogwirizana tsiku lolambula msewu timakangana mwezi wathunthu.

"Akuchenjeza za chiyani?" ndidafunsa.

"Ku America aphungu akukambirana lamulo lothana ndi kuba nyimbo ndi mafilimu pa intaneti."

"Ndiye n'zabwinotu zimenezo," adatero amuna anga. "Akuba amangidwe. Nyimbo za gulu lathu anthu ankazikopera n'kumagulitsa pamsika, ife osamva ngakhale zikomo."

"Cholinga chake n'chabwino, achimwene. Woimba ayenera kudya thukuta lake. Koma anthu akuopa kuti ukondewo maso ake ndi aang'ono, ukola ndi tiana ta nsomba tomwe. Akuti mwini filimu akadandaula kuti tsamba lakutilakuti lili ndi zakuba, tsamba lonse lingathe kutsekeredwa njira. Ukalifufuza osalipeza, ukalemba dzina lake osatseguka. Ndipo akuopa kuti zingachitike ngakhale chakubacho anaikapo ndi mlendo chabe, mwini tsamba osadziwa."

Apongozi adagwedeza mutu.

"Nanga ife ndi America tikudziwana? Sindinapondeko ine, sindinawadyere kanthu."

"Mawu a malemu amagona komweko, amayi. Kompyuta yomwe imawasunga ili m'chinyumba china kumeneko. A Gervásio akadina pano, liwu limanyamuka uko, kuwoloka nyanja, n'kufika pano inu musanaphethire. Njira zambiri za intaneti zimadzera kumeneko. Akatseka chipata uko, wa ku Joni, wa ku Lisboa, wa ku Maputo, onse angapeze potseka."

Apongozi adayang'anitsitsa kompyuta ija.

"Titosse yemwe uja?" adatero motsitsa. "Amene ankasanza akangokwera basi yopita ku Maxixe? Ndiye awoloke nyanja tsiku ndi tsiku?"

Pamene tinkatsanzika, mayi Ermelinda adatigwira ndi mawu. "Mawa mubwerenso nonse. Pali chinthu pa tsamba lanu chomwe chandidetsa nkhawa."

M'mawa mwake tsamba lidabwereradi, chithunzi cha malemu chili pomwepo ndi chipewa chawo chopindika. Mayi Ermelinda adatsegula malo omwe alendo amalembapo moni. Tonse tinkawadziwa malowo, ndipo tinkawanyadira. Kwathu kuno munthu akabwera kwa wosema kudzatenga liwu, sabwera chimanjamanja. Amatenga nkhuku, kapena makokonati, kapena kabotolo. Tsono nkhuku siidutsa m'mawaya. Msuwani wa amuna anga, Alfiado, yemwe amagwira ntchito m'migodi ku Joni, ndiye adayambitsa njira yatsopano. Atamvetsera hombe n'kuchuna mbila yake, adasiyapo filimu ya nkhonya ngati mphatso. Anzake adatengera. Wina adasiya chimbale chathunthu cha woimba wotchuka, wina njira yoonera mpira ulere, wina mafilimu a chikondi okwana kuonera chaka chonse.

"Onani ulemu wa ana a kwathu," adatero apongozi.

"Zonsezi zichoke, amayi," adatero mayi Ermelinda.

"Zichoke? Iwe Ermelinda, unakulira kuti? Mphatso sabweza. Mwana wa mlongo wanga wabwera ndi manja awiri, ine ndimuponyere zinthu zake kuseri?"

"Ndikumva, amayi. Koma ndifunse. Alfiado atabwera ndi mbuzi ya mphatso, inu mukudziwa kuti waimasula m'khola la eni, mungaimange pakhomo panu?"

Apongozi adatembenukira kukhoma.

"Mafilimu awa ali ndi eni ake," adapitiriza mayi Ermelinda. "Anthu anatuluka nawo thukuta monga malemu anachitira ndi timbila. Ndipo musati tidikire lamulo latsopanolo. Ngakhale lero lino, mwini wake akadandaula ku kampani yosunga tsamba, chinthucho amachichotsa. Madandaulo akachuluka, amatha kutseka tsamba lonse. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Mawu a malemu angapite chifukwa cha filimu ya nkhonya."

"Chotsani," adatero a Gervásio. "Chotsani pompano."

"Tiyambe ndi china. Kunyumba muli nawo mawu a malemuwa?" adafunsa mayi Ermelinda.

Tidayang'anana. Zaka zonsezo palibe adaganizapo. Ife tinkaona tsambalo ngati chitsime: ukafuna madzi umapita komweko, sunyamula chitsime kupita nacho kwanu. Mayi Ermelinda adakopera mawu onse pa zimbale ziwiri, china chathu, china chosunga ku wailesi, n'kuikanso mu foni ya amuna anga. Kenako adachotsa mphatso zija imodziimodzi, a Gervásio akuvomera ndi mutu. Adakonza kuti chilichonse chomwe mlendo waika chiyambe chadikira ife tichione. Pansi pa chithunzi cha malemu adalembapo kuti mawuwo ndi a banja la Nhamuave, kuti aliyense ndi womasuka kumvetsera ndi kuchunira mbila yake, koma wofuna kugulitsa ayambe watipempha.

Nthawi yonseyi apongozi adali atayang'anitsa nkhope kukhoma. Kenako adatambasula dzanja.

"Ndiimbire Alfiado."

Foni idalira, Alfiado adayankha, ndipo a Gervásio adaikweza mawu kuti tonse timve.

"Azakhali! Kwagwanji?"

"Kwagwa iwe. Filimu yako ya anthu omenyana ija unaitenga kuti?"

"Ndinaitola pa intaneti, azakhali. Sindinabe ayi."

"Unaitola! Mbuzi za eni nazonso amazitola kutchire, wopusa iwe. Ukadawatseketsa pakamwa amalume ako."

"Pepani, azakhali, ine ndimati ndi ulemu. Nanga tizibwera chimanjamanja ngati agalu?"

"Ndani wati chimanjamanja? Ulemu wako ndaulandira. Koma kuyambira lero, uwauze anzako onse, wobwera abwere ndi chake. Wachuna mbila yako? Gogoda hombe yako, jambula, utchule dzina lako ndi komwe uli, utitumizire. Mphatso yake ndi imeneyo. Chimenecho palibe angati n'chake."

Mayi Ermelinda adaomba m'manja, n'kulemba mawu omwewo pa tsamba, m'Chichopi chathu, m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi, kuchotsako "wopusa iwe".

Patapita masiku ochepa mayi Ermelinda adatiuza pa mpanda kuti aphungu aja aliimitsa kaye lamulo lija, chifukwa anthu mamiliyoni adalankhula. "Koma malamulo otere adzabweranso," adatero, "mwina kwathu konkuno. Akadzaitanitsa maganizo a anthu, a Gervásio mukapite. Inu mumadziwa mbali zonse ziwiri, kuberedwa nyimbo ndi kuopa kutsekeredwa."

Amuna anga adapitiriza kusema, tsopano pakhomo pomwe, foni ili pa chitsa. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, ndipo kuti mwina atitumizira Alfiado ndi anzake awiri kapena atatu. Mvula itayamba kutha, mayi Ermelinda adatiitana ku wailesi. Adatiuza kuti tibwere ndi thabwa la hombe, lomwe a Gervásio adali atangolimaliza n'kulimangirira ndi phula pa chigoba chake chokuzira mawu.

"Khalani pansi kaye, amayi," adawauza apongozi.

Adadina. Lidamveka liwu la Alfiado, anzake akusokosera kumbuyo: "Alfiado, ku Joni." Kenako adagogoda. Lidali liwu la malemu, lenileni, lonenepa, lonjenjemera pang'ono kumapeto. Mayi Ermelinda adadinanso. Mayi wina adatchula dzina lake n'kunena kuti ali ku Lisboa, kuti agogo ake adachoka ku Zavala iye asadabadwe. Adagogoda. Liwu lomwelo. Kudabwera wa ku Beira, wa ku Brazil, mnyamata wa ku Germany wolankhula Chipwitikizi chopunduka. Kudabwera mphunzitsi wa ku Japan yemwe adati adasema mbila yake ndi mtengo wa kwawo, akumvetsera mdala wa chipewa chopindika tsiku lililonse. Dzina lake palibe adatha kulibwereza, koma atagogoda tonse tidamuzindikira.

Ndidachita mantha, mantha okoma ngati a m'tchalitchi. Anthu onsewa adalipo nthawi yonseyi, akubwera pakhomo pathu mwakachetechete, ife osadziwa. Mayi Ermelinda adasanjikiza mawu onsewo pamodzi kuti alire nthawi imodzi, n'kuwakodola a Gervásio. Amuna anga adakweza chogogodera, adagogoda thabwa lawo latsopano, ndipo liwu lake lidalowa mwa enawo osasiyanitsika.

Apongozi ankalira osapukuta misozi.

"Titosse," adatero, "ine ndimati ndinakuika m'manda amodzi."

Timbila zija zidaimba pa chikumbutso, ndipo tsamba lilipo mpaka lero.

Abale anga, intaneti ndi yaikulu kuposa mmene timaganizira, ndipo lamulo lopangidwa kutali lingathe kufika pakhomo panu. Musaike pa tsamba lanu nyimbo kapena filimu ya eni popanda chilolezo, ndipo muziona zomwe alendo akuikapo. Chamtengo wapatali musachisunge pamalo amodzi. Malamulo a intaneti akamakambidwa, funsani, mvetsani, ndipo lankhulani, kuti ateteze woimba popanda kutseka pakamwa osalakwa. Mukafuna kupatsa, perekani chanu.