Madiresi Osaoneka pa Foni ya Mayi a Mkwatibwi

Mayi Telala anaikitsa zithunzi za madiresi awo pa tsamba la pa intaneti la gulu la osoka. Mayi a mkwatibwi wina, amene ankafuna kusoketsa zovala za aperekezi onse, anaimba foni mawu ali okwera.

"Mayi, mukundiseweretsa? Ndatsegula tsamba lanu, ndikungoona timabokosi topanda kanthu. Ngati mulibe choonetsa nenani, ndipite kwina."

Mayi Telala anachita mantha, poti ntchito yotere siibwera kawirikawiri. Pa foni yawo madiresi ankaoneka bwinobwino, mpaka ulusi wa mumpendero. Nanga wawabisa ndani? Maso awo anagwera pa shopu yoyandikana, pomwe mnzawo wosoka ankapalasa makina uku akuimba. Munthu angaimbe chotero popanda chimene wachita? Pajatu nambala yachinsinsi ya tsambalo ankaidziwa onse a m'gulu.

"Ndi yemweyu basi," anauza amuna awo. "Akufuna kundilanda ukwatiwu."

"Amayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Zithunzizo anakuikirani ndani?"

"Mng'ono wanu."

Mlamuyo ataitanidwa anafika akudziguguda pachifuwa. "Alamu, ndinazisintha kukhala za mtundu watsopano. N'zopepuka, sizidya bandulo, koma kuwala kwake!"

Mayi Telala anamuyang'ana cham'mbali. Tsopano sankadziwanso womukayikira. Anamugwira dzanja ulendo wa ku laibulale, kwa mlangizi wa makompyuta.

Mlangiziyo, mayi wodekha, anatsegula tsambalo pa kompyuta yake ndipo madiresi anaoneka. Atatsegula pa foni ina, anangobwera mabokosi aja.

"Palibe wakuchitani chipongwe," anatero. "Pulogalamu yotsegulira masamba, imene timati bulawuza, ili ngati makina anu: si singano iliyonse imalowa. Opanga mapulogalamuwa salandira mtundu watsopano wa zithunzi tsiku lomwelo. Amayamba afunsa ngati ukuposadi wakale, ngati sungatsegulire khomo akuba a pa intaneti, komanso ngati mafoni ofooka angaukwanitse. Ena avomera kale, ena akuyezabe."

"Ndiye mlamu wangayu wanditengera chikomekome cha mkuyu?"

"Ayi, mtunduwo si woipa, wangofulumira nawo. Aike mitundu yonse iwiri. Foni yodziwa watsopano izilandira watsopano, inayo izilandira wakale. Mukatero muyese pa foni ya munthu wina, makamaka yakale."

Mlamu anakonza tsambalo, kudzitama konse kutauluka. Koma foni yakale mumsewu wonsewo anali nayo ndani? Mnzawo woimba uja. Mayi Telala anapita kwa iye mwamanyazi.

"Anzanga, tandibwerekani foni yanu."

"Kachikale kangaka? Tengani. Ine ndimadabwa kuti bwanji zithunzi zanu sizioneka, koma mumandiyang'ana moopsa, ndiye ndimaopa kunena."

Madiresi anaoneka onse. Mayi Telala anapepesa, kenako anaimbira mayi a mkwatibwi kuti atsegulenso tsambalo. Mayiwo anatseguladi.

"Lobiriwiralo," anatero mawu a kutsidya, atafewa tsopano. "Konzani tepi, ndikubwera nawo atsikana mudzawayeze."

Chinthu chatsopano cha pa intaneti musachiweruze ndi foni yanu yokha. Chiyeseni pa mafoni a anthu amene mukufuna kuwafikira, sungani chakale mpaka onse atatha kutsegula chatsopanocho, ndipo chikavuta funsani odziwa musanaloze munthu chala.