Khutu la Bantomu

Ketilina atatsika basi kuchokera ku Mwami kumene anakagulitsa mtedza, anamva fungo la nyama yootcha mudzi wonse. Ana ankamulonjera milomo ili mafuta okhaokha. Pakhomo anapeza ng'ombe yawo yolima, Kapitawo, ili yokha m'khola, ndipo chikopa cha inzake, Bantomu, chitakhomedwa pansi kuti chiume.

"Bambo a Dalitso, Bantomu ali kuti?"

Mwamuna wake, Matiyasi, anayankha ngati munthu woyembekezera kuthokozedwa. "Anagwera m'chigwembe dzulo n'kuthyoka mwendo. Tikanamusiya akanafa yekha, nyama n'kuwonongeka. Ndiye tinamupha n'kugawira anthu monga mwa nthawi zonse. Inu ndakusungirani chiwindi."

"Chiwindi! Tilima ndi chiwindi chaka chino?"

Unali mwezi wa Novembala mu 1996, mitambo itayamba kale kuda. Ng'ombe imodzi sikoka pulawo, ndipo popanda pulawo munda wa thonje ndi chimanga ukanagona. Chimene chinamupsetsa mtima kwambiri Ketilina n'chakuti ng'ombezo anazilembetsa ku inshuwalansi, ndipo chaka chilichonse akangogulitsa mtedza ankayamba walipira kumeneko asanagule ngakhale chitenje. Matiyasi ankati kumeneko n'kunenepetsa anthu ovala mataye. Tsopano ng'ombe ya inshuwalansiyo inali m'mimba mwa mudzi wonse.

M'mawa anamukoka mwamuna wake mpaka ku ofesi ya kampaniyo ku Chipata, atakonzekera kuthamangitsidwa. Koma mayi wa pa desiki, Dolika Tembo, anawapatsa mipando n'kumvetsera nkhani yonse osawadula mawu.

"Sindikubisirani, mwalakwitsa," anatero mayi Tembo. "Ng'ombe ikavulala, a vetenale, dokotala wa ziweto, ayenera kuiona musanaiphe, ndipo ife mutidziwitse msanga. Kodi polembetsa anakuuzani zimenezi?"

"Anawerenga m'Chizungu, ine ndinangodinda chala," anayankha Ketilina.

"Pamenepo talakwa ndi ife. Sindikulonjeza kanthu, koma mawa ndibwera ndi a vetenale tidzaone chimene chatsala. Kanambala ka pakhutu kaja, kotsimikizira kuti ndi ng'ombe yomwe munalembetsa, muli nako?"

Matiyasi anakanda m'mutu. "Mutu tinapereka kwa amalume a Sankhani. Mutu ndi wa akulu."



Mawa lake njinga yamoto inalowadi m'mudzi. A vetenale anatsikira m'chigwembe muja, anaona chikopa, kenako anafunsa za fupa la mwendo wothyokawo. Linapezeka kuseri kwa nyumba ya neba, galu akulimbana nalo. Kunatsala kwa a Sankhani, ndipo iwo atangoona alendo anakwiya.

"Mwabwera kudzalanda mutu? Kuyambira liti mphwa kulondola nyama kwa malume wake? Ndadya, watha!"

"Mutuwo ngwanu, bambo, sitikuufuna," anatero mayi Tembo atagwada mwaulemu. "Tikungopempha kapulasitiki kachikasu kanali pakhutu."

"Khutu ndinayamba ndi lomwelo. Zapulasitiki sindikuzidziwa."

Ketilina anataya mtima. Ulendo wonsewu uthere pa khutu! Akutembenuka kuti azipita, anaona njinga ya amalumewo itatsamira nkhokwe. Pa kiyi wa loko wake pankalendewera kanthu kachikasu.

"Amalume, nanga icho?"

"Aa, kameneko? N'kabwino pomangirira kiyi, sikasowa."

Mayi Tembo anawerenga nambalayo, ndipo inali ya Bantomu. Anamasula kachingwe ka makiyi ake omwe n'kusinthana ndi a Sankhani, mkangano n'kuthera pomwepo.

Asanakwere njinga yamoto ija, mayi Tembo anakhala pansi ndi banjali n'kulifotokozera pangano lonse m'Chinyanja, mzere ndi mzere. Ananenanso zowawa zomwe: kampani ilipira, koma ichotsapo mtengo wa nyama, chifukwa ikanagulitsidwa ikanabweza ina mwa ndalamazo.

"Ndiye kuti phwando lija talipira ndife," anatero Ketilina akuyang'ana mwamuna wake. Matiyasi anali kalikiliki kuyang'ana zala za kumapazi kwake.

Ndalama zinatuluka mwezi usanathe, ndipo mayi Tembo anatumiza uthenga okha kuti akatenge. Sizinakwane ng'ombe yathunthu, koma Ketilina anali ndi kangachepe ku positi, kamene ankapatula pa malonda alionse kuti kadzathandize pa tsiku loipa. Anaphatikiza n'kugula ng'ombe ina. Anabzala mochedwerapo kuposa anzawo, koma munda sunagone.

Patapita miyezi, ng'ombe ya neba wawo, nayonso ya inshuwalansi, inadwala, ndipo amuna anayamba kunola mipeni. Amene anaima pakhomo la khola, manja ali tambasu, anali Matiyasi.

"Palibe aikhudze mpaka a vetenale afike! Ine nyama yaulere inandidyera theka la ng'ombe."

Ketilina atamva anaseka koyamba chichokereni Bantomu.

Phunziro lake ndi ili. Musadinde chala pa pangano limene simunalimve. Pemphani akufotokozereni m'chilankhulo chanu, ndi ufulu wanu. Tsoka likagwa, dziwitsani a inshuwalansi musanaphe, musanagawe kapena kutaya kanthu. Kampani yabwino imamvetsera, imabwera kudzaona, ndipo imanena zoona ngakhale zowawa. Ndipo pa zokolola zilizonse patulaniko pang'ono, chifukwa inshuwalansi sibweza zonse.